Sitima zamasewera za matabwa zidatengera njanji ya malasha

Anthu akamakamba za komwe roller coaster, sitima yamasewera yokwera ndi kutsika zitunda m'mapaki achisangalalo, idachokera amathamangira kutchula Russia, ndipo salakwitsa. M'zaka za m'ma 1600 anthu a kumeneko ankamanga nsanja zazitali za mitengo, n'kuthira madzi potsetserekapo kuti aundane, kenako n'kumatsetsereka atakhala pa timipando. Pofika 1817, ku Paris adali ataika mawilo kuti masewerawo asamadikire chisanu. Koma yang'anitsitsani Cyclone ya ku Coney Island, mumzinda wa New York: mizati yothithikana, matabwa opingasa olimbitsa mizatiyo, njanji pamwamba. Umenewu ndi mlatho wa sitima. Ine ndimaona kuti kholo lenileni la sitima zamasewerazi ndi njanji ya malasha.

Njanjiyo idatsegulidwa mu 1827 ku Pennsylvania, m'dziko la America, kuchokera ku mgodi wa Summit Hill kutsikira ku Mauch Chunk, mtunda wa makilomita pafupifupi 14. Ngolo zodzaza malasha zinkatsika zokha popanda injini, munthu mmodzi atagwira buleki. Nyulu zokoka ngolozo pobwerera kumtunda nazo zinkatsika zitakwezedwa m'ngolo yawoyawo. Malasha atapeza njira ina yoboola phiri mu 1872, njanjiyo idatsala yonyamula alendo olipira kuti aone mapiri ndi kumva mphepo ikuwawomba kumaso.

LaMarcus Thompson ndiye adabweretsa nzeruyi m'tauni. Switchback Railway yake, yomwe idatsegulidwa ku Coney Island mu 1884, inkayenda makilomita 10 okha pa ola, liwiro loti wa njinga angaipitirire akuimba mluzu. Munthu ankalipira masenti 5, ndipo ngolo ikafika kumapeto antchito ankachita kuikankha kuti ikwere nsanja yobwererera. Chaka chotsatira Phillip Hinkle adaika makina okokera ngolo pamwamba pa chitunda choyamba, ndipo mpaka lero ulendo umayambira pamenepo: kukwera pang'onopang'ono, kenako kugwa.

Sitima zoyambazo zinkangokhala pamwamba pa njanji, zina zili ndi mawilo am'mbali oletsa kupatuka. Ikathamanga kwambiri pa chitunda inkatha kunyamuka, n'chifukwa chake pankafunika munthu wa buleki wokwera pamodzi ndi anthu. Ntchito imeneyi idakalipo: ku Luna Park ya ku Melbourne, pa Scenic Railway ya 1912, komanso ku Tivoli mumzinda wa Copenhagen, pa Rutschebanen ya 1914, wa buleki amakwerabe ulendo uliwonse.

Amene adasintha zonse ndi John A. Miller, yemwe adaphunzira ntchito kwa Thompson. Iye adakonza kachitsulo kokola mano a m'mbali mwa tcheni yokokera ngolo kumtunda kuti ngolo isabwerere m'mbuyo tcheniyo ikaduka. Phokoso la kha, kha, kha lomwe limamveka pokwera lija ndi kachitsulo kameneka. Mu 1919 adalembetsa mawilo oyenda kunsi kwa njanji, moti ngolo inkagwira njanjiyo pamwamba, m'mbali ndi pansi. Chodabwitsa n'chakuti chida chotetezachi n'chimene chidabweretsa mantha enieni. Popeza ngolo sikadathanso kuuluka, amisiri adamasuka kumanga zitunda zogwa chamutu ndi makona okhota mwadzidzidzi, okwera n'kumanyamuka pampando ngolo ili chigwirire njanji. Cyclone ija, yomwe Vernon Keenan adajambula ndipo idatsegulidwa mu 1927, imagwa kuchokera pa mamita 26 n'kufika liwiro la makilomita pafupifupi 97 pa ola. Sitima yomwe Harry Traver adamanga ku Crystal Beach, ku Canada, idanyanya: pamalo otsikira pankakhala namwino.

Njanji ya sitima zamatabwazi ndi matabwa angapo osanjikizana, okhomeredwa pamodzi ndi kupindidwa pamalo pomwepo, pamwamba pali kachitsulo kopyapyala koyendapo mawilo. Thabwa limafufuma ndi chinyezi, limauma ndi dzuwa, limagwedera sitima ikamadutsa, choncho ulendo wa m'mawa sufanana ndi wa madzulo. Akalipentala amayenera kuyenda pa njanjiyo kawirikawiri, kumanga mabawuti omasuka ndi kusintha matabwa otha.

Mavuto azachuma a m'ma 1930 ndi nkhondo yachiwiri adagwetsa mapaki ambiri, ndipo paki ya Disneyland itabweretsa njanji ya mapaipi achitsulo mu 1959 zidaoneka ngati matabwa atha ntchito. The Racer, sitima ya matabwa ya John C. Allen ku Kings Island, ku Ohio, idadzutsanso chidwi mu 1972, ndipo mu 1979 paki yomweyo idamanga The Beast, yoposa makilomita awiri, yotsata zigwa za m'nkhalango.

Mkangano wa masiku ano ndi woti matabwa amathera pati. El Toro ya ku New Jersey, ya 2006, njanji yake idadulidwa ndi makina kufakitale n'kungolumikizidwa pamalopo, ndipo imayenda myaa. Outlaw Run ya ku Missouri, ya 2013, ili ndi chitsulo chochindikala pamwamba pa matabwa ndipo imatembenuza anthu chadodolido katatu. Eni ake amazitcha za matabwa, koma okonda zakale amati sitima yosagwedeza mafupa yataya mtundu.