Mafunso ndi mayankho: bwanji amayamba ajambula chigaza asanachize kunjenjemera ndi ultrasound?

Malume anga a ku Kawale manja awo amanjenjemera moti tiyi amatayikira pa malaya, ndiye abale akhala akundifunsa za chithandizo chowotcha kachigawo ka ubongo ndi ultrasound (mafunde a phokoso losamveka ndi khutu) osang'amba mutu. Nazi zomwe ndimawayankha.

Kodi ndi sikani yomwe ija ya amayi oyembekezera?

Mafunde ake ndi amtundu womwewo koma awa ndi amphamvu. Makina a Exablate a kampani ya Insightec ali ngati chipewa chokhala ndi tizipangizo 1024, tonse timaponya mafunde pamalo amodzi mu thalamus, kachigawo ka mkatikati mwa ubongo, mpaka pamenepo patenthe kufika madigiri 55 kapena 60. Ku America anawavomereza mu 2016.

Nanga chigaza chikulakwitsa chani?

Apa ndiye pagona nkhani. Mu ubongo mafundewa amathamanga mamita pafupifupi 1500 pa sekondi koma mu fupa amathamanga pafupifupi kawiri, komanso chigaza sichofanana, pena nchochindikala pena nchopyapyala, ndiye ena amafika msanga ena mochedwa, kutentha kumamwazika kapena kugwera pambali, ndipo mu ubongo kuphonya ndi mamilimita awiri si nkhani yamasewera ayi. Nchifukwa chake m'ma 1950 asayansi William Fry ndi m'bale wake Francis ankayamba achotsa kaye fupa asanaponye mafundewa.

Ndiye amakonza bwanji?

Taganizani anthu a ku Area 25, Likuni ndi Kawale apangana kukumana pa depoti 8 koloko yeniyeni, aliyense anyamuke nthawi yakeyake malinga ndi msewu wake. Chimodzimodzinso kompyuta imawerenga CT scan, chithunzi cha chigaza chojambulidwa ndi X-ray, nkuona makulidwe ndi kulimba kwa fupa panjira ya kachipangizo kalikonse, kenako ena imawachedwetsa pang'ono kuti mafunde onse afike limodzi. Njirayi anaionetsa asayansi Clement ndi Hynynen mu 2002.

Aliyense angalandire?

Ayi, ndipo izi zimandiwawa. Pa CT yomweyo amawerengera nambala yotchedwa SDR yoonetsa momwe fupa la chigaza lingalolere mafunde kudutsa, ikakhala yochepera 0.4 zipatala zambiri zimakayika chifukwa fupa limamwa mphamvu nkutentha lokha. Chonde musagulitse munda kapena kugula tiketi ya ndege dokotala wa kumene amapereka chithandizochi asanaone CT yanu.

Tsiku lake zimakhala bwanji?

Amameta mpala, madzi ozizira amazungulira pamutu, mumagona mu MRI, makina ojambula mkati mwa ubongo, muli maso ndipo adokotala amakuuzani mujambule mzere kuti aone ngati dzanja lakhazikika.