Mtengambali wanu ali ndi amalume?

Achinyamata ambiri amene amabwera kudzaphunzira masewero a nthano apatebulo kuno ku Salima, ukawapatsa pepala kuti alembe mbiri ya mtengambali wawo, amalemba zofanana. Makolo anaphedwa, mudzi unatenthedwa, iye anapulumuka yekha ndipo akuyendayenda ndi mkondo kusaka amene anachita zimenezi. Ntchito yanga ndi yophunzitsa zisudzo, ndipo Loweruka masana ndimatsogolera masewerowa, choncho mbiri zoterezi ndaziwerenga zambiri. Sindizikana ayi. Ndimangofunsa kuti: nanga amalume ake ali kuti?

Ndiyambe ndafotokoza masewerowo, chifukwa makolo ena akaona dayisi patebulo amayesa ana ayamba juga. Sipabetchedwa ngakhale tambala. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, mwinanso pamphasa, aliyense ali ndi mtengambali mmodzi amene akumuyankhulira ndi kumuganizira. Wina mmodzi ndi wotsogolera. Iyeyu amafotokoza dziko lopeka, nyengo yake, zilombo zake, ndipo amayankhula m'malo mwa munthu aliyense amene gululo lakumana naye panjira. Zili ngati nthano ya madzulo ija, kungoti omvera sangoyankha kuti "tili tonse", iwo ndi amene akusankha chimene kalulu achite. Wosewera akati "ndiwoloka mtsinjewu posambira" ndipo sizikudziwika ngati angakwanitse, amaponya dayisi ya mbali 20, n'kuwonkhetsa nambala yatulukayo ndi nambala ya luso lake yomwe ili papepala. Ikafika pa mlingo umene wotsogolera waika, wawoloka. Ikapanda kufika, madzi amutenga ndipo anzake aone chochita.

Masewero odziwika kwambiri a mtundu umenewu ndi Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. M'malamulo ake a 2014, chinthu chapafupi chimafuna 10, chapakatikati 15, chovuta 20. Dayisi ya mbali 20 simungaipeze mosavuta pa Kamuzu Road, ndiye ife timalemba manambala 1 mpaka 20 mkati mwa zitsekerero za mabotolo, n'kuziika m'kathumba ka nsalu. Munthu amakhutchumula kathumbako, n'kupisa dzanja osayang'ana. Mwayi wake ndi wofanana ndendende ndi wa dayisi, bola chitsekerero chibwezedwe m'thumba wina asanapisenso.

M'malamulo a 2014 omwewo, wosewera amasankha zomwe mtengambali wake ankachita asanayambe maulendo: msilikali, woyendetsa ngalawa, mwana wa banja lachifumu, mtumiki wa pakachisi, mbava ndi ena. Mbiriyo imamupatsa maluso awiri, komanso imamufunsa zinthu zinayi: khalidwe lake, mfundo imene amayendera, chimene chinamumanga kwa anthu kapena malo ena, ndi chofooka chake. Pokonzanso malamulo mu 2024, eni masewerowa anawonjezera mphamvu ya mbiri, moti manambala owonjezera nyonga kapena nzeru, omwe kale ankachokera ku mtundu wa mtengambali, tsopano amachokera ku mbiri yake. Ine ndinagwirizana nazo. Chimene munthu anakulira chimaoneka m'manja mwake kuposa mtundu umene anabadwira.

Pa zinthu zinayi zija, chachitatu ndicho ambiri amachidumpha, chonsecho ndi chimene chimayendetsa nkhani. Wotsogolera amagwira ntchito ndi zingwe. Akafuna kuti mtengambali akhale pa mphambano, amakoka chingwe chimodzi chomwe chamangidwa pa iye. Mwana wamasiye uja amene mudzi wake unapsa alibe chingwe chilichonse, ndipo wotsogolera amangotsala ndi njira imodzi, yomuponyera zilombo kuti amenyane nazo. Sabata zitatu zikatha, mwini wake yemwe amayamba kuyasamula.

Komanso munthu wopanda chingwe chotere kwathu kuno n'ngosowa. Mwa Achewa mwana ndi wa mbumba ya amayi ake. Makolo akamwalira pamakhala amalume, mwini mbumba, amene ayenera kudziwa kumene mwanayo akugona, munda umene adzalime, ndi amene adzaime ngati nkhoswe akadzafuna banja. Ndiye ndikafunsa za amalume, sindikuchotsa chisoni m'mbiri ija. Ngati amalume analipo ndipo anamulera, mtengambaliyo ali ndi ngongole. Ngati analipo koma anagulitsa munda wa mlongo wawo n'kumusiya mwana padzuwa, ali ndi mlandu woti tsiku lina akauimike pabwalo la mfumu. Njira zonse ziwiri zimapatsa wotsogolera zochita za miyezi ingapo.

Mafunso ena ndimawonjezera malinga ndi munthu. Mfunda wake ndi uti, ndipo akakumana ndi wa mfunda womwewo kudziko lachilendo adzamukana chakudya? Ali pabanja? Ngati ndi mkamwini, ndiye kuti akukhala kwawo kwa mkazi, akulima munda wa apongozi, ndipo ulendo wa miyezi itatu wokasaka chimphona kuphiri ukutanthauza kuti wina apalira yekha. Akabwerako ankhoswe adzakhala akumudikira. Mnyamata wina anasankha kukhala siginala, uja amapalasa bwato la nyali usiku kukopa usipa kuti ulowe m'chilimira. Ndinamufunsa kuti chilimiracho n'cha yani. Anaganiza pang'ono n'kuti, "Aphunzitsi, n'cha abwana ena amene anandikongoza ndalama za kuchipatala mayi akudwala." Pomwepo mtengambali uja anakhala munthu. Ankatha kuwerenga mphepo, kudziwa kuti mwera wayandikira anzake asanaone kanthu, koma doko lililonse limene gululo lafika ankayang'ana kaye ngati palibe wotumidwa ndi abwana aja.

Zimene ndikunenazi zinaoneka bwino tsiku lina pamene gulu linali paulendo wothamangitsa achifwamba omwe anaba ng'oma ya mvula ya mudzi wina wopeka. Mtsikana wina ankasewera ngati sing'anga wa zitsamba, ndipo papepala lake analemba kuti analeredwa ndi amayi ake aakulu. Achifwamba ali pafupi kupezeka, ndinalowetsa mnyamata wothamanga, fumbi lokhalokha, amene anagwada patsogolo pa sing'angayo n'kuti, "Achemwali, mayi aakulu atisiya usiku wathawu. Akudikira inu." Kubwerera kunali kutaya masiku atatu ndipo achifwamba akanawoloka nyanja. Kupitirira kunali kusiya maliro a munthu amene anamulera, m'mudzi momwe aliyense amaona amene wabwera ndi amene sanabwere, ndiponso momwe adzukulu okumba manda saiwala. Osewera anakangana nthawi yaitali. Wina anati agawikane. Wina anati ng'oma ikatayika mudzi wonse ufa ndi njala, maliro ndi a munthu mmodzi. Mtsikanayo anangoti, "Inu pitani, ine ndikaike mayi." Gulu linamenya nkhondo lopanda sing'anga ndipo mmodzi anavulala kwambiri. Pa mkangano wonsewo palibe amene anapisa dzanja m'thumba la manambala.

Tsopano za miyambo imene wotsogolera amapeka. Olakwitsa ambiri amaiyesa zokongoletsa: anthu a dziko ili amavala zofiira, a dziko lija amapatsana moni pogundana mapewa. Zimenezo zimaiwalika msanga. Mwambo umagwira ntchito m'masewero ngati uli ndi mtengo wake, ndipo chitsanzo chabwino tili nacho konkuno, pachilumba cha Mbenji m'dera la Senior Chief Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, usodzi pachilumbachi umatsekedwa nyengo ya mvula, cha mu Disembala, n'kutsegulidwa mu Epulo pa mwambo wake. Nthawi yotsegula, pachilumba saloleza mowa, chamba ngakhale juga, ndipo akazi safikapo. Wophwanya amachotsedwa. Akuluakulu amanena za kulemekeza mizimu ya pamalopo, a zausodzi amanena za kupatsa nsomba mpata woswana, ndipo utaka wa ku Mbenji umadziwika ndi kukula kwake. Taonani zomwe zili m'mwambo umodzi wokhawu. Pali choletsedwa, pali wouyang'anira, pali chilango, pali zifukwa ziwiri zomwe anthu osiyana amapereka, pali opindula, ndipo pali amayi ogula nsomba amene ayenera kudikira kumtunda. Mwambo wopeka ukakhala ndi zonsezi, osewera amaumva kulemera.

Ndinapekapo chilumba changa chokhala ndi malamulo ofananako, dzina lina, mizimu ina. Mtsitsi wochiza mwana wa mfumu unkamera pamenepo pokha, nyengo inali yotseka, ndipo katswiri wa uta m'gululo anali mkazi. Akanatha kupita usiku mozemba, kupempha chilolezo kwa wosunga chilumba, kapena kutuma amuna okhaokha opanda wowateteza. Mtsikana amene ankasewera katswiri wa utayo anafunsa wosunga chilumba chifukwa chimene lamulo limaletsera akazi, ndipo sanakhutire ndi yankho. Ndinasangalala nazo. Masewerowa ndi malo abwino oti achinyamata afunse mwambo mafunso, kuulemekeza kapena kuutsutsa, n'kuona zotsatira zake popanda wina kuthamangitsidwa m'mudzi weniweni.

Miyambo imalowanso m'manambala. Malamulo a 2014 ali ndi njira yoti munthu amene zinthu zikumukomera aponye kawiri n'kutenga nambala yaikulu, ndipo amene zikumuipira aponye kawiri n'kutenga yaing'ono. Tiyerekeze kuti gulu likupempha mfumu njira yodutsa m'nkhalango yake, mlingo ndi 15, ndipo wopemphayo alibe nambala yowonjezera. Akaponya kamodzi, mwayi wake ndi 30 pa 100. Ngati mbiri yake ikuti anakulira pakhomo la mfumu, amadziwa kuti safikira kwa mfumu mwachindunji koma amadzera kwa nduna, amakhala pansi, amawomba m'manja, ndipo sabwera chimanjamanja. Ameneyo aponye kawiri n'kutenga yaikulu, mwayi wake wakwera kufika 51 pa 100. Msilikali amene walowa pabwalo chipewa chili kumutu, n'kuyamba kuyankhula ali chiimire, atenge yaing'ono, ndipo watsala ndi 9 pa 100. Osewera akaona kusiyana kumeneku kamodzi kokha, ulendo wotsatira amayamba okha kufunsana kuti, "Kodi kuno timalowa bwanji?" Akaona masamba atayalidwa pamsewu amatsika pa akavalo awo osauzidwa.

Chenjezo limodzi kwa otsogolera: musapatse mtundu wonse khalidwe limodzi. Pagombe la Senga Bay m'mawa umodzi mumamva Chichewa, Chiyao ndi Chitonga, Asilamu ndi Akhristu akukokera limodzi khoka, ndipo m'banja limodzi lachichewa wina ali pachikamwini pomwe mng'ono wake anatenga mkazi pachitengwa. Dziko lopeka likhalenso choncho. Midzi iwiri yoyandikana isiyane pa kaikidwe ka maliro, agogo ndi adzukulu awo asiyane pa lamulo la chilumba.

Pali zina zimene sindilola patebulo langa. Gule Wamkulu, amene UNESCO, bungwe la mayiko loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ali ndi eni ake ndi zinsinsi zake. Za kudambwe sizilowa m'masewero, ndipo tikafuna ovina obisa nkhope timapeka athu, ndi mayina athu. Mafumu enieni sitiwatchula ngati atengambali. Ndiponso sindiika gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi kuti akhale mfiti ya nkhaniyo. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, komabe okalamba akumenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha mphekesera zoterezi, ndipo sindifuna kuti ana azolowere chithunzi chimenecho ngakhale posewera. Zoopsa zilipo zambiri zoti titenge m'nthano zathu: napolo wogumula phiri, zimphona, mizimu yolusa ya m'madziwe. Tisanayambe nkhani yatsopano timakhala pansi tsiku limodzi osasewera, aliyense n'kunena zimene sakufuna kukumana nazo. Amene waika mayi ake mwezi watha simungamubweretsere uthenga wa maliro ngati uja ndinafotokoza.

Amene mukufuna kuyamba kutsogolera, gulani kope la masamba ochepa. Mtengambali aliyense mumupatse tsamba lake, ndipo mulembepo anthu atatu amoyo amene angamuitane ndipo iye sangakane, ndi chimene aliyense wa iwo akufuna kwa iye. Gulu likalonjeza kanthu m'mudzi, likadya nsima ya munthu, likaphwanya lamulo la malo, lembaninso. Musatulutse zonse tsiku limodzi. Pa Loweruka lililonse kokani chingwe cha munthu mmodzi yekha, sabata yotsatira cha wina, kuti pakutha pa mwezi aliyense akhale atafikiridwapo ndi uthenga wochokera kwawo.