Thanki Yoyamba ya Nsomba za M'madzi Amchere: Yaing'ono Ndiyo Yovuta

Anthu ambiri akafuna kuyamba kuweta nsomba za m'nyanja yamchere amathamangira kathanki ka malita 30 kapena 40, poganiza kuti kakang'ono sikavuta kusamala. Zimakhala zosiyana. Nsomba za m'matanthwe a makorali (tizamoyo ta m'nyanja tomwe timamanga matanthwewo) zinazolowera madzi omwe mchere wake ndi kutentha kwake sizisinthasintha, ndipo madzi ochepa ndi amene amasintha msanga.

Tengani nkhani ya nthunzi. Madzi akauma, mchere umatsala. Madzi a m'nyanja amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi. Kathanki ka malita 40 kakataya malita 2 m'masiku otentha a Okutobala, mchere umakwera kufika pafupifupi 36.8. Thanki ya malita 150 ikataya malita 3 umangofika 35.7. Chakudya chotsala, nsomba yofera kuseri kwa mwala, hita yokanirira osazima, zonsezi zimawononga madzi ochepa m'maola owerengeka, pomwe madzi ambiri amakupatsani mpata woona vuto n'kulikonza. N'chifukwa chake woyamba kumene asankhe thanki ya malita pakati pa 100 ndi 200. Ikhale yotambalala, osati yaitali kupita m'mwamba, chifukwa mpweya wa okosijeni umalowa pamwamba pa madzi, ndipo madzi amchere amasunga okosijeni wochepa poyerekeza ndi madzi wamba.

Musanagule, ganizirani pomwe idzakhale. Malita 150 okha amalemera makilogalamu oposa 150, ndipo mukaonjeza galasi, miyala ndi mchenga mudutsa 200. Shelefu ya mabuku siingapirire. Pakhale pathyathyathya, kutali ndi windo, chifukwa dzuwa limatenthetsa madzi ndi kumeretsa ndere. Thanki yogwiritsidwapo kale ntchito ilibe vuto, bola mufunse ngati munathiridwapo mankhwala a kopa ochizira nsomba, omwe amapha nkhono, nkhanu ndi makorali ngakhale atakhala ochepa kwambiri.

Amene anawetapo mbuna za m'nyanja ya Malawi adziwe kuti luso lawo liwathandiza, koma madzi a mbuna si amchere, ndipo mchere wakukhitchini sungasandutse madzi kukhala a m'nyanja yamchere. Mulibe kashiamu, maginiziyamu ndi michere ina yomwe imasunga pH (muyezo wa asidi m'madzi) pakati pa 8.1 ndi 8.4. Pamafunika mchere wopangidwira matanki otere. Madzi apampopi nawo ali ndi kolorini, ndipo kawirikawiri ali ndi phosphate kapena nitrate zomwe zimadyetsa ndere. Madzi oyenera ndi osefedwa ndi makina a RO/DI, omwe amachotsa michere ndi mankhwala osungunuka m'madzi. Sungunulani mchere mu chidebe chapadera, pampu ikutakasa usiku wonse, kenako yezani ndi refractometer, kachida koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, mpaka iwerenge 1.025 kapena 1.026. Musathire mchere wouma m'thanki muli nsomba. Ndipo lamulo lomwe oyamba kumene amaliphwanya kwambiri ndi ili: madzi ouma ndi nthunzi amabwezeredwa ndi madzi opanda mchere. Amchere amagwira ntchito pokhapokha pamene mwachotsa madzi ena dala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 sabata iliyonse.

Zida zofunika si zambiri: hita yosunga madzi pa madigiri 24 mpaka 26, choyezera kutentha, pampu yoyendetsa madzi m'thanki kuti malita onse azungulire kakhumi kapena kuposapo pa ola, chivindikiro poti nsomba zina zimadumpha, ndi zoyezera amoniya, nitrite, nitrate ndi pH. Makina ochotsa thovu la zonyansa, otchedwa protein skimmer, amathandiza ndithu, koma thanki ya nsomba zochepa yosinthidwa madzi mokhulupirika imatha kuyenda popanda iwo. Nyale zodula n'za makorali. Ngati mukuyamba ndi nsomba ndi miyala basi, zomwe n'zanzeru chaka choyamba, ndalamazo zipite kwina.

Kwinako ndi magetsi. Kumalo komwe magetsi amathimathima, monga ku Malawi ndi ku Zambia, funso ili libwere musanasankhe n'komwe mtundu wa nsomba. Mapampu akaima, okosijeni amatha m'maola ochepa, makamaka kukatentha, ndipo amafa si nsomba zokha koma ndi mabakiteriya omwe amatsuka madziwo. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kamapulumutsa thanki pa kuthima kwakanthawi, koma kwa maola ambiri pamafunika inveta ndi batire yokwanira kuyendetsa pampu yozungulitsa madzi. Hita imadya magetsi ambiri, choncho musaiwerengere pa batire yaing'ono. M'madera otentha ngati Chikwawa, Nsanje kapena Salima vuto limakhala lotembenuka: madzi amadutsa madigiri 28, ndipo fani yowomba pamwamba pa madzi imawaziziritsa, ngakhale imaonjezera nthunzi.

Thanki ikadzazidwa, nsomba zidikire. Ndowe za nsomba zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni. Mabakiteriya ena amamusandutsa nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe sapweteka kwambiri ndipo amachepa mukamasintha madzi. Mabakiteriyawa amakhala pa miyala yokhala ndi timabowo, ndipo kuti achuluke pamatenga masabata 4 mpaka 6. Ikani kachakudya pang'ono kuti kawole, muziyeza masiku angapo aliwonse. Amoniya akwera n'kutsika, nitrite atsatira. Zonse ziwiri zikafika pa 0 ndipo nitrate waoneka, thanki yakonzeka. Ndere zabulauni zomwe zimakuta mchenga m'masabata oyambawa zisakuopseni, nthawi zambiri zimatha zokha.

Pa nsomba zoyambira, palibe yoposa clownfish (nsomba ya mtundu wa lalanje yokhala ndi mizere yoyera) ya mtundu wa ocellaris yoswedwera m'matanki: ndi yolimba, imadya chakudya chogula, siposa masentimita 11, ndipo sifuna anemone, kanyama kooneka ngati duwa komwe imabisalamo m'nyanja, kuti ikhale moyo. Ziwiri zimakwana bwino mu malita 100. Nsomba yabuluu yotchedwa blue tang imaoneka kakang'ono m'sitolo koma imakula kufika masentimita 30 ndipo imafuna malita mazana angapo. Ma damsel, nsomba zina zazing'ono za m'matanthwe, ambiri ndi otchipa ndi olimba, koma akakhazikika amathamangitsa nsomba iliyonse yobwera pambuyo.

Onjezerani nsomba imodzi kapena ziwiri pa nthawi, kenako dikirani masabata awiri kapena atatu kuti mabakiteriya afanane ndi zonyansa zomwe zawonjezeka. Nsomba yatsopano iyambe yakhala masabata 4 mu kathanki kena kopanda miyala. Matenda a timadontho toyera, oyamba ndi kachilombo ka Cryptocaryon irritans, akalowa m'thanki yaikulu simungawathire kopa mmenemo. Pamafunika kutulutsa nsomba zonse, kuzichiza padera, n'kusiya thankiyo yopanda nsomba kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo mpaka kachilomboko kafe ndi njala.