Beit Street ndi nyumba zakale za ku Doornfontein: mafunso amene mwakhala mukubwera nawo

Masiku ano pakhomo pa ofesi yathu pakumakhala mzere m'mamawa, ndipo abale athu ambiri akubwera ndi nkhani imodzi. Akuti nyumba za mu Beit Street ndi misewu yoyandikana nayo zikonzedwa chifukwa ndi zambiri yakale, ndiye okhalamo achotsedwa. Ena akubwera ndi makalata amene awapeza pansi pa chitseko, ena angomva pa WhatsApp. Ife timangopereka uphungu kwa Amalawi okhala mkati mwa Joni muno. Si ife khonsolo, komanso si ife maloya.

Kodi mukulemba mayina a anthu oti adzapatsidwe nyumba kapena chipukuta misozi?

Ayi. Tilibe kaundula wotero ndipo sitilandira ndalama kwa aliyense. Amene wakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti akulembetseni kwa ife akukuberani.

Msewu umenewu uli ndi mbiri yanji?

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, Doornfontein adadzaza ndi Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, ambiri a ku Lithuania, olankhula Chiyidishi. Beit Street ndiye unali msika wawo, wa mabutchala, ophika buledi ndi atelala. Sunagoge wa pa Siemert Road, amene anthu amamutcha Lions Shul chifukwa cha mikango iwiri yachitsulo pakhomo pake, adamangidwa cha m'ma 1906. Dzina loti Beit mukulidziwa kale: Alfred Beit, mpondamatiki wa migodi, ndi amene dzina lake lili pa Beitbridge pamene tonse timadutsa, ndipo thumba la chuma chake lidathandiza kumanga chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Mabanja aja atapeza bwino adasamukira kumpoto kwa mzinda, mashopu nkuyamba kutsekedwa. Tiwonjezere kuti mbiri ya dera lino si ya Ayuda okha. M'mabwalo a kuseri kwa nyumbazi munkakhala anthu akuda ambirimbiri, nyimbo za marabi zidakulira momwemo, mpaka boma lidawasamutsa mokakamiza m'zaka za m'ma 1930.

Akuti Ayuda akubwerera kudzalanda nyumba zawo. Nzoona?

Si zoona, ndipo tikupempha kuti mphekesera imeneyi isafalitsidwenso. Nyumba zambiri zidagulitsidwa kalekale ndipo zadutsa m'manja mwa anthu ndi makampani osiyanasiyana. Mwini nyumba amadziwika ndi zimene zalembedwa ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba, osati ndi chipembedzo chake. Ife amene timalozedwa zala tsiku ndi tsiku chifukwa ndife alendo, tisakhale oyamba kulozera anzathu zala.

Lamulo la zaka 60 limati chiyani?

Gawo 34 la National Heritage Resources Act ya 1999 limaletsa kugwetsa kapena kusintha nyumba imene yapitirira zaka 60 popanda chilolezo cha bungwe loona za mbiri m'chigawo, lomwe kuno ku Gauteng ndi PHRA-G. Kusintha kumeneku kukuphatikizapo kupenta ndi kupaka pulasitala. Choncho achimwene amene mwachita lendi shopu, musanaboole khoma kuti muikepo zenera logulitsirapo, kambiranani ndi mwini nyumba. Lamuloli limateteza nyumba. Za munthu wogonamo silinenapo kanthu, kaya kumuteteza kaya kumuchotsa.

Tamva kuti boma likupereka ndalama zokonzera nyumbazi. Ife tingapezeko?

Funso limeneli ndi limene likutikanganitsa ndi anthu, ndiye tilifotokoze pang'onopang'ono. Palibe ndalama imene munthu amapatsidwa pamanja. Chimene chilipo ndi kuchepetseredwa msonkho m'dera lotchedwa Urban Development Zone, pansi pa gawo 13quat la lamulo la msonkho. Dera la mkati mwa Johannesburg lidalowa m'ndondomekoyi mu 2004. Mwini nyumba akakonza nyumba yakale koma osagwetsa chimango chake kapena maonekedwe ake akunja, amachotsa 20 peresenti ya ndalama zimene wawononga pa ndalama zake zodulidwa msonkho, chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Akawononga R1 miliyoni, ndiye kuti R200,000 pa chaka siidulidwa msonkho. Nyumba ikakhala ya lendi yotsika mtengo monga lamulo limatanthauzira, amachotsa 25 peresenti kwa zaka zinayi.

Woyenera ndi mwini nyumba amene amalipira msonkho ku SARS, amene nyumbayo akuigwiritsa ntchito pa malonda, kuchititsa lendi kukhala amodzi mwa malondawo, komanso ali ndi kalata ya khonsolo yotsimikiza kuti nyumbayo ili mkati mwa malire. Mmalawi amene ali ndi nyumba yakeyake ndipo amalipira msonkho akhoza kufunsa, koma afunse kwa wodziwa za misonkho, chifukwa tsiku lotsekera ndondomekoyi lakhala likusunthidwa ndipo malire ake amatsata mapu, osati dzina la dera. Wochita lendi sapindula mwachindunji, ngakhale atapenta chipinda ndi ndalama zake. Tikudziwa kuti yankho limeneli silikoma. Lamuloli sitidalembe ndife.

Ndapatsidwa kalata yoti ndituluke pofika kumapeto kwa mwezi chifukwa nyumba ikonzedwa. Nditani?

Choyamba yang'anani kalatayo. Ambiri mwa makalata amene taona ndi pepala limodzi lojambulitsa, lopanda chidindo cha khoti, lopanda nambala ya mlandu, pena ngakhale dzina la mwini nyumba palibe, pali nambala ya foni yokha. Kalata yotero ikhoza kukhala chidziwitso chothetsa mgwirizano wa lendi, koma si chilolezo chokutulutsani. Gawo 26(3) la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu sachotsedwa pakhomo pake popanda chigamulo cha khoti, ndipo lamulo la PIE la 1998, loletsa kuchotsa anthu m'nyumba mosatsata malamulo, limafuna kuti mudziwitsidwe polemba masiku osachepera 14 mlandu usanamvedwe. Kusintha loko, kudula madzi kapena magetsi, kutulutsa katundu wanu panja, zonsezi ndi zosaloledwa.

Izi sizitanthauza kuti simudzachoka. Khoti likhoza kugamula kuti mutuluke. Pa mlandu wa Blue Moonlight mu 2011, wokhudza anthu a mu Saratoga Avenue ku Berea, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lidati khonsolo ipereke malo ongoyembekezera kwa amene angasowe kolowera, ngakhale wowachotsa atakhala mwini nyumba wamba. Koma malo oterewa ndi ochepa, anthu amadikira nthawi yaitali, ndipo sitingalonjeze munthu aliyense kuti adzawapeza.

Funani loya msanga, tsiku la khoti lisanafike. Legal Aid South Africa, SERI ndi Lawyers for Human Rights amathandiza kwaulere pamene angathe.

Nanga amene mapepala awo adatha?

Lamulo loletsa kuchotsa munthu popanda khoti limanena za munthu aliyense, silifunsa pasipoti. Mu 2021, pa mlandu wa anthu a ku Industry House mu Davies Street, New Doornfontein momwe muno, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lija lidagamula kuti gawo la lamulo limene apolisi ankagwiritsa ntchito polowa m'nyumba za anthu popanda chikalata cha khoti ndi losemphana ndi malamulo aakulu. Komabe tikuvomera kuti pa nkhani ya malo ongoyembekezera, mapepala amafunsidwa ndipo amene alibe amavutika. Lankhulani ndi loya musanakaonekere ku ofesi iliyonse ya boma.

Kodi lendi ikwera?

Nthawi zambiri imakwera, makamaka poti kampasi ya University of Johannesburg ili pafupi ndipo eni nyumba amakonda ana asukulu. Ngati kukwezako kapena kuthetsa mgwirizano kukuoneka kosayenera, kadandauleni ku Gauteng Rental Housing Tribunal. Salipiritsa. Mlandu wa Maphango wa 2012 udatsegula njira imeneyi kwa anthu a ku Braamfontein amene mwini nyumba adawathetsera mgwirizano kuti akweze lendi. Pitirizani kulipira lendi pamene dandaulo likumvedwa, ndipo sungani malisiti.

Ngati zili choncho, mukuikiranji kumbuyo zokonza msewu?

Chifukwa nyumba yosiyidwa imapha. Moto wa m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023 udatenga miyoyo 76, Amalawi anzathu ali pomwepo. M'nyumba zambiri za ku Doornfontein taonamo zomwezo: zipinda zogawidwa ndi mabolodi, mawaya olumikizidwa mwachisawawa, khomo lothawira litakhomedwa ndi unyolo. Kukonza msewu kwabwino kumayambira pa zinthu wamba, magetsi a mumsewu oyaka, ngalande zotsegula, malo oyenda apansi otakasuka, zinyalala zochotsedwa, mashopu apansi otsegula kuti usiku pakhale maso. Johannesburg Development Agency idachita zina zotere mozungulira Ellis Park mpikisano wa mpira wa 2010 usanachitike, ndipo pamene kusamalira kudalekeka, zambiri zidawonongekanso. Ife tikufuna makoma akale asungidwe, sunagoge alemekezedwe, ndipo anthu amene akhala mumsewuwu zaka zonse zovutazi akhalebe momwemo. Mukamva za msonkhano wa khansala wa dera, pitani mukanene zimenezi.

Ndili ndi shopu kapena ndimagulitsa m'mbali mwa msewu. Ndine wotetezedwa?

Pang'ono chabe. PIE ndi lamulo la lendi zimakhudza malo ogona, osati a malonda, choncho shopu imadalira zimene mudasainirana. Kwa mavenda, khoti lidalamula mu Disembala 2013 kuti amene adathamangitsidwa m'misewu ndi khonsolo pa Operation Clean Sweep abwerere, koma lidanena za amene ankagulitsa movomerezeka. Ngati muli ndi chilolezo cha khonsolo, chijambulitseni ndipo chenichenicho muchisunge malo ena.

Tibwere ndi chiyani?

Kalata imene mwalandira, mgwirizano wa lendi ngati ulipo, malisiti kapena mauthenga a banki osonyeza kuti mumalipira, ndi adiresi yonse ya nyumbayo. Ngati nyumba yonse yalandira kalata imodzimodzi, sankhani anthu awiri akuimireni.