Bomba lili m'chikwama, inu mukudziwa koma iwo sakudziwa

Ntchito yanga ndi yodula ndi kulumikiza mafilimu pa kompyuta, ija timati editing, ndiye achinyamata amene akuphunzira kulemba nkhani za mafilimu amakonda kundibweretsera zolemba zawo kuti ndiwaonereko. Vuto limene ndimapeza pafupifupi kwa aliyense ndi limodzi lomweli, amabisa chilichonse mpaka kumapeto, eti kuti woonera adzadzidzimuke. Ine sindilimbana nawo, ndimangowauza kuti kasakeni filimu ya Airport ya 1970 mukaonere kenako mubwere tidzacheze.

Filimuyi ndi yakale ndithu, zovala zake ndi katsitsi kake mukhoza kuseka, komanso imayenda pang'onopang'ono moti wina wozolowera zothamanga za masiku ano akhoza kuyamba kuyasamula. Inachokera m'buku la Arthur Hailey la 1968, anaitsogolera ndi George Seaton. Nkhani yonse ikuchitika usiku umodzi pa bwalo la ndege lopeka la ku Chicago, kukugwa sinowo woopsa, ndege ina ya Boeing 707 yatitimira mpaka yatseka msewu waukulu woterapo ndege, bwana wa bwalolo amene akuseweredwa ndi Burt Lancaster mutu waima. Nthawi yomweyo ndege ina ikukonzeka kupita ku Rome, ndipo mwa okwera muli bambo wina wosauka, zinthu zinamusokonekera, dzina lake Guerrero. Iyeyu wapanga bomba waika m'kachikwama ka m'manja, wagula inshuwalansi ya moyo pa eyapoti pomwepo, cholinga chake akaphulitse ndege pamwamba pa nyanja kuti mkazi wake adzalandire ndalama.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Filimuyi siikubisirani bombalo ayi. Mukumuona bamboyo ali m'kachipinda kake akulumikiza mawaya, mukumuona akutsanzikana ndi mkazi wake yemwe sakudziwa kanthu, mukumuona pa mzere wogula inshuwalansi thukuta lili kamukamu uku nthawi ikumuthera. Pali wa kasitomu wina wachikulire amene akungomuona mmene wakumbatirira kachikwamako ngati mwana wakhanda, mtima wake ukumuuza kuti apa pali china chake, koma munthuyo akutuluka m'dziko osati kulowa ndiye si ntchito yake kumusecha. Inu muli pampando mukuti mugwireni bambo inu, mugwireni! Koma ayi ndithu, wadutsa, wakwera, wakhala pafupi ndi agogo ena okonda macheza omwe nawonso akwera mozemba opanda tikiti. Amene anasewera ngati agogowo ndi Helen Hayes ndipo anapata nayo mphoto ya Oscar.

Katswiri wopanga mafilimu Alfred Hitchcock anaifotokoza bwino nkhani imeneyi pocheza ndi wopanga mafilimu mnzake François Truffaut. Anati tiyerekeze anthu akhala pa tebulo akucheza zopanda pake, mwadzidzidzi bomba laphulika pansi pa tebulo, woonera adzidzimuka kwa masekondi 15 basi zatha. Koma mukamuonetsa woonerayo bombalo poyamba, n'kumuonetsanso wotchi pakhoma, macheza opanda pake omwe aja amasanduka moto, munthu amakhala mtima uli m'mwamba kwa maminitsi 15. Chimene azungu amati suspense n'chimenechi, kudziwa zimene anthu a m'filimumo sakudziwa koma iwe osatha kuwachenjeza. Amene munakulira m'mavidiyo shoo aja a mabenchi mukukumbuka mmene anthu ankakuwira pa sikilini kuti tembenuka iwe ali kumbuyo kwako. Palibe ankakuwa choncho pa chinthu chimene sanachione.

Nanga bwanji ndege, osati basi kapena sitima? Chifukwa basi ikavuta dalaivala amaimika pambali anthu n'kutsika. Ndege ilibe pambali. Chitseko chikatsekedwa ndiye kuti anthu onsewo, wolemera ndi wosauka, wansembe ndi wakuba, amangidwa pamodzi mpaka pansi, ndipo wolemba nkhani safunikanso kuvutika kufotokoza chifukwa chimene sakuthawira. Chachiwiri ndi nthawi. Ndege imanyamula wotchi yakeyake, ndiwo mafuta. Filimu ya 1954 ya The High and the Mighty, muli John Wayne, inadalira zimenezi basi. Ndege ya mapulopela anayi ikuchoka ku Honolulu kupita ku San Francisco, injini imodzi yawonongeka atadutsa kale malo amene kubwerera sikuthekanso, mafuta akutayika, pansi ndi nyanja ya Pacific yokhayokha. Mulibe chigawenga, mulibe mfuti yolozetsa payiloti, mdani wake ndi masamu, kodi mafuta otsalawa atifikitsa kapena titere pamadzi. Anthu mpaka akutaya katundu panja kuti ndege ipepuke.

Ina imene ine ndimaikonda kwambiri, ngakhale anthu saitchula kawirikawiri, ndi No Highway in the Sky ya 1951. James Stewart ndi wasayansi wosokonekera pang'ono amene wawerengetsa kuti mchira wa mtundu wina wa ndege udzathyoka ukangokwanitsa maola akutiakuti ouluka, chifukwa chitsulo chimatopa, ngati mmene waya amadukira ukamaupinda uku ndi uku kambirimbiri. Kenako ali m'mwamba akuzindikira kuti ndege imene wakwerayo maola ake ali pafupi kukwana. Palibe chikuphulika, palibe utsi, ndege ikuyenda bwinobwino ndipo aliyense akumuona ngati wamisala. Choopsa chake n'chakuti patangopita zaka zitatu, mu 1954, ndege ziwiri zenizeni za de Havilland Comet zinasweka m'mwamba kufupi ndi Italy ndipo ofufuza anapeza kuti chinali chitsulo chotopa chomwecho. Za bomba la inshuwalansi nazonso sizinali zongopeka, mu 1962 ku America ndege ya Boeing 707 ya Continental inagwa munthu ataphulitsa bomba m'toileti atagula inshuwalansi, anthu 45 anafa. Ndiye anthu oonera mu 1970 sankaona nthano, nthawi imeneyo unkatha kukwera ndege chikwama chako osachiunika ndi makina.

Tibwerere ku Airport kuja chifukwa pali sini imodzi imene ndimaonetsa ophunzira mobwerezabwereza. A pansi azindikira za bomba, auza mapayiloti pa wailesi, ndege ikukhota pang'onopang'ono kubwerera kuti okwera asadziwe. Dean Martin, amene ndi mmodzi wa mapayiloti, akonza pulani ndi wothandiza okwera m'ndegemo, Jacqueline Bisset, kuti agwiritse ntchito agogo aja, achite ngati akukangana, kuti pa chipwirikiticho alande kachikwama. Ndipo pulaniyo ikutheka! Chikwama chalandidwa, inu mwayamba kupuma. Pompo bambo wina wokwera, wovuta kuyambira pachiyambi, akuona ngati munthu akuberedwa katundu wake, akutsomphola chikwama chija n'kumubwezera mwini wake. Aaa. Ukamaonera ndi anthu apa pamamveka kubuula chipinda chonse. Ife odula mafilimu timadziwa kuti mantha akangokhala pamlingo umodzi woonera amazolowera, ndiye umamupatsa chiyembekezo kaye, aone ngati zatheka, kenako n'kumulanda. Ndipo taonani amene wawononga zinthu si munthu woipa, ndi munthu amene sakudziwa zimene inu mukudziwa.

Bomba limaphulika ndithu, m'toileti ya kumbuyo, filimu itapita kutali kwambiri, ndipo kuphulikako ndi kwa kanthawi kochepa zedi. Chimene chikutsatira ndiye chokoma. Ndege yabooka, ikufunika msewu wautali kuti itere, koma msewu wautaliwo ndi womwe uja watsekedwa ndi ndege yotitimira kuyambira sini yoyamba. Chinthu chimene munkachiona ngati vuto wamba la kuntchito chija chasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Apa filimu ikungodumpha, m'mwamba, pansi, m'mwamba, pansi, nthawi zina sikilini kuigawa pawiri kuti muone wolankhula ndi womvera nthawi imodzi, ndipo makaniko wina wa ndudu yaikulu pakamwa, Joe Patroni, amene akuseweredwa ndi George Kennedy, ali m'ndege yotitimirayo akukankha mainjini mpaka kumapeto uku abwana akuti tulukamo tiikankhe ndi mathalakitala.

Filimuyi inadya pafupifupi madola 10 miliyoni n'kubweretsa oposa 100 miliyoni, ndiye mukudziwa kale Hollywood ikanunkhiza ndalama. Kunabwera Airport 1975, kandege kakang'ono kagunda Boeing 747 kutsogolo, wothandiza okwera ndi amene wagwira chiwongolero, Charlton Heston akutsitsidwa ndi chingwe kuchokera mu helikoputa. Kenako Airport '77 ndege yamira pansi pa nyanja anthu ali moyo m'katimo, kenako ya Concorde mu 1979 imene ine sindingakuuzeni kuti muwonongerepo bandulo yanu. Ngozi zinkakulirakulira koma mtima sunkagundanso, chifukwa anayamba kuthamangira chodabwitsa n'kusiya kudikiritsa kuja.

Amene anakwirira mtundu wa mafilimuwu ndi anthu oseketsa. Mu 1957 kunali filimu ya Zero Hour!, nkhani yake inachokeranso kwa Hailey yemweyo, mapayiloti onse awiri adya nsomba yowonongeka adwala, ndiye wokwera wina amene anaulutsako ndege za nkhondo koma ali ndi mantha akuyenera kuiteretsa. Anyamata atatu, Jim Abrahams ndi abale awiri David ndi Jerry Zucker, anagula ufulu wa filimu imeneyo n'kupanga Airplane! ya 1980. Nkhani ndi yomweyo, nsomba yomweyo, mawu ambiri anangowatenga mmene analili n'kuuza osewera kuti awalankhule nkhope ili gwa osamwetulira, ndipo anthu anaseka mpaka misozi.