Loya Woo ndi mnyamata wa m'gawo lachitatu

Mayi wina yemwe ndimaphunzitsa mwana wake wa autism anandiimika pageti ya sukulu, foni ili m'manja. "Aphunzitsi, munaonera filimu ya loya wa ku Korea ija? Kodi wangayu nayenso tsiku lina adzatulutsa nzeru zotere?" Ndinali nditaonera magawo onse 16, ndipo funso lawolo linandikhala pamtima sabata yathunthu.

Filimuyo ndi Extraordinary Attorney Woo, yomwe inatuluka mu 2022 pa kanema wa ENA ku South Korea komanso pa Netflix. Park Eun-bin amasewera ngati Woo Young-woo, mtsikana wa autism yemwe anakhoza nambala wani m'maphunziro a zamalamulo pa Seoul National University, n'kulembedwa ntchito pakampani ya maloya yotchedwa Hanbada.

Autism ndi mmene ubongo wa munthu unakulira, ndipo munthuyo amakhala nayo moyo wake wonse. Imaonekera m'njira imene amalankhulira ndi kukhalira ndi anzake, m'kukonda kubwereza zinthu mwa dongosolo lomwelomwelo, ndiponso mmene thupi lake limalandirira phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa. Dokotala Leo Kanner anaifotokoza mu 1943. Siyamba chifukwa cha katemera kapena kulera molekerera, ndipo makolo sanakhwimire mwanayo monga ena amanong'onezana.

Zambiri zimene filimuyi inaonetsa ndimaziona m'kalasi tsiku ndi tsiku. Woo akakwera sitima amatseka makutu ndi mahedifoni. Asanalowe m'chipinda amaima pakhomo n'kuwerenga mpaka katatu ndi zala. Amadya gimbap basi, mpunga wokulungidwa m'ndere za m'nyanja, chifukwa zonse zomwe zili m'katimo amaziona ndi maso, palibe chomudzidzimutsa m'kamwa. Ndili ndi kamnyamata ka zaka 8 komwe mvula ikayamba kugunda pamalata kamalowa pansi pa desiki, manja ali kumakutu, kakugwedeza thupi. Ongodutsa amati n'kupulupudza. Kamakhala kakumva ululu weniweni, ndipo kugwedezako ndiko kumakatonthoza. Kubwereza mawu a wina, komwe Woo amachitanso, nthawi zambiri ndi njira ya mwana yogwirira mawuwo kuti awamvetse asanayankhe. Pamenepa olemba filimu anagwira ntchito, ndikuwavulira chipewa.

Pomwe pamandidetsa nkhawa ndi pa nzeruzo. Woo amasunga m'mutu tsamba lililonse lomwe wawerenga, ndipo mawu ake oyamba ali ndi zaka 5 anali ndime ya malamulo. Anthu otere alipo, koma ndi ochepa kwambiri. Ana ambiri a autism alibe luso lodabwitsa lobisika. Ena ali ndi nzeru ngati za mwana wina aliyense, ena amavutika kuphunzira, ndipo ena amakula osalankhula kapena ali ndi mawu owerengeka. Kholo likamadikira loya, limatha kuphonya tsiku lomwe mwana waloza kapu koyamba m'malo molira.

N'chifukwa chake gawo lomwe ndimalikonda koposa ndi lachitatu. Woo amapatsidwa mlandu wa mnyamata wa autism, Kim Jeong-hun, yemwe salankhula zambiri ndipo mtima wake wonse uli pa chidole cha pakanema chotchedwa Pengsoo. Akumuimba mlandu wopha mkulu wake, yemwe ankaphunzira udokotala. Abwana ake a Woo akuganiza kuti poti onse ndi a autism amvana mosavuta, koma sizitero, pakuti awiriwo ndi osiyana ngati dzuwa ndi mwezi. Pamapeto zimadziwika kuti mkuluyo ankadzipha ndipo mng'ono wake ankayesa kumupulumutsa. Chomwe chinandiswa mtima ndi ndemanga za pa intaneti zomwe Woo amawerenga, anthu akudandaula kuti wafa ndi wophunzirayo, wotsala ndi wa autism. M'gawo lomwelo amakumbutsanso za Hans Asperger, dokotala wa ku Vienna m'dziko la Austria yemwe pa nthawi ya ulamuliro wa Nazi, chipani cha Hitler, ankasiyanitsa ana oti angapindulitse dziko ndi ena omwe ankaonedwa ngati opanda phindu. Sikelo imeneyo sinathe. Timaigwiritsabe ntchito tikamakonda Woo chifukwa amapambana milandu, n'kumasuntha pabenchi yatchalitchi Jeong-hun akakhala pafupi nafe.

Mayi aja ndinakumana nawonso Lolemba lotsatira. Ndinawauza kuti, "Mayi, za uloya sindingalonjeze, ndipo palibe mphunzitsi woona mtima angalonjeze." Kenako tinakhala pansi pa mtengo n'kukambirana zomwe zimathandizadi: kuti zochita za tsiku ziziyenda mofanana, amuuze mwana pasadakhale zinthu zikamasintha, alankhule naye ziganizo zazifupi ndi kudikira yankho osamufulumizitsa, agwiritse ntchito zithunzi pomwe mawu akukana. Ndinawakumbutsanso kuti mwana yemwe sacheuka akaitanidwa dzina, saloza zinthu, kapena wasiya mawu omwe ankanena, ayenera kupita naye kuchipatala msanga, ndipo ayambe amuyeza makutu.

Tili m'kati mokamba, mwana wawo anabwera n'kuwagwira chitenje, n'kutulutsa m'thumba kachithunzi ka botolo la madzi komwe tinamujambulira. Mayi ake anatsegula chikwama n'kumupatsa botololo.