Kutola kamba m'nkhalango ya Nkhotakota ndi mlandu

Ku Nkhotakota anthu akuuzana kuti lamulo la nyama zakutchire limangoteteza njovu ndi ngaka, ati kamba, nsato kaya chule mutha kutola n'kukaweta kunyumba. Limeneli ndi bodza, ndipo lingamangitse munthu.

Chimene chikusokoneza anthu n'chakuti lamuloli litakonzedwanso mu 2017, nkhani yomwe inamveka kwambiri inali ya zaka 30 za kundende pa milandu ya minyanga ya njovu. Komatu m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota simuloledwa kutengamo nyama iliyonse popanda chilolezo, ngakhale kakamba kokwana m'chikhatho kamene mwana wakabisa m'chikwama cha kusukulu. Ng'ona nayo, ngakhale mutaipeza mumtsinje wa Bua kunja kwa mpanda, kuisunga kapena kufukula mazira ake mumchenga kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.